Chitini cha Makala m'Lole ya Bambo Anu

Esinati ndi Yohane, ana anga. Za kwathu ndi za ubwana wanga mumazidziwa, sindizibwereza. Sukulu ndinalekezera Sitandade 5, choncho mukaona polakwika musaseke, ingowerengani. Ndiyambira pa ntchito, chifukwa kuntchito ndi kumene ndinawapeza bambo anu, ndipo ndi komwekonso kumene ndinawataya. Munali aang'ono pamene azakhali anu a Nasiketi anakuuzani kuti bambo anu ndinawapha ndine. Simunandifunsepo, inenso sindinakuuzeni kanthu. Tsopano ndapuma pantchito, maso ayamba kuchita chidima, ndiye ndati ndilembe mmene zinayendera kuchokera pachiyambi, muweruze nokha.

Chisepo, chaka changa choyamba pantchito

Ndinalembedwa padepoti ya bungwe la alimi lomwe linkagula chimanga ndi mtedza, komanso kunyamulira alimi fodya kupita naye ku okushoni ku Lilongwe. Ntchito yanga inali kusesa muofesi, kutunga madzi ndi kuphika tiyi. Kapitawo anali a Kamwendo, bambo wamfupi wokonda kuyankhula atatsinzina diso limodzi. Tsiku loyamba anandifunsa kuti, "Iwe Nambewe, umatha kudzuka tambala woyamba?" Ndinati ndimatha. Anati, "Basi walembedwa. Pano sitifuna satifiketi, tifuna ketulo iwire lole isanalire." Anandipatsa tsache, ndowa ziwiri ndi mbaula yothyoka mwendo, n'kundiuza kuti shuga akasowa ndisabwere kuofesi kudzadandaula, poti nawonso alibe kokadandaula.

Malole anali atatu, onse okalamba. Nyengo ya fodya imagwera m'chisanu, ndipo madalaivala ankanyamuka kunja kukungoyera kuti akapeze malo pamzere ku okushoni. Malole athu analibe chotenthetsera m'kati. Chinali chitsulo chokhachokha, pansi pobookabooka, mphepo ikulowera kumapazi. Ndinkawaona akubwera kudzamwa tiyi atavala majuzi awiriawiri, ena atavala masokosi m'manja. Munthu wozizidwa amayendetsa moipa, izi ndinaziona ndi maso ngakhale chiwongolero sindinachigwirepo. Zala zikauma giya salowa. Phazi likachita dzanzi silimva buleki. Galasi lakutsogolo limachita nthunzi, munthu n'kumapukuta ndi chipewa uku lole ikuyenda. Komanso wozizidwa amathamanga, akufuna afike msanga kumene kwatuluka dzuwa.

Dalaivala wamkulu, a Jumbe, ndi amene anandiphunzitsa mankhwala ake. Anatenga chitini cha penti, anachiboola m'mbali ndi msomali, n'kumangako waya wogwirira. Anati, "Mwana wanga, ukatha kuphika tiyi usamazimitse makala. Uzindiikira ochepa muno, pamwamba uzikwirira ndi phulusa kuti asayake lawi." Chitinicho ankachiika pansi, mbali yokhala wokwera, pa njerwa ziwiri. Posakhalitsa onse atatu anali ndi zitini zawo. Lamulo la bungwe linkaletsa moto m'lole, poopa kuti fodya wa alimi angapse. Mantha onse anali pa fodya. Zoti makala angamuchite kanthu munthu panalibe ankanena. Nthawi zina a Jumbe ankabwerako akudandaula mutu, tonse tinkati ndi fungo la dizilo. A Kamwendo ankadziwa za zitinizo, koma ndikamadutsa nazo m'mawa ankatsinzina maso onse awiri.

Mwa atatuwo wamng'ono anali a Fanuwelo, a ku Ntchisi. Sankamwa mowa, sankasuta, anzawo ankawatcha Abusa. Tsiku lina ndikuwapatsa chitini chawo anandiyang'ana n'kunena kuti, "Cha a Jumbe chimazima pa Mponela, changa chimakafika Lumbadzi chikadali chofunda. Mumakondera inu." Ndinati, "Kapena lole yanu ndi imene imathamanga." Anati, "Ayi, ndafufuza. Makala akuluakulu onse mumaika mwanga." Zinali zoona. Chaka chisanathe ankhoswe anakumana, tinadalitsa ukwati kutchalitchi, ndipo iwe Esinati unabadwira ku Chisepo komweko, m'kanyumba kofolera ndi udzu kuseri kwa depoti.

Mvera, mwezi wa Okutobala, chaka chachisanu ndi chimodzi

Anatisamutsira ku Mvera tonse awiri, pamodzi ndi lole ya bambo anu. Kumeneko ntchito yaikulu inali kutsitsa feteleza ndi mbewu kumadepoti akumunsi, cha ku Salima, n'kukwera ndi chimanga. Bwana anali a Msiska, munthu wophunzira, wosakonda kuseka. Ankafuna feteleza yense afike kwa alimi mvula isanagwe, ndiye analamula maulendo awiri pa tsiku. Ulendo wachiwiri unkanyamuka dzuwa lili paliwombo.

Kutentha kwa m'lole sikufanana ndi kutentha kwa panja. Injini inali pansi pa mpando, denga linali lachitsulo. Ndinakwera ndi bambo anu kamodzi ndili ndi pakati pako Yohane, ndikupita kukaona wodwala. Chiwongolero chinkawotcha, bambo anu anachikulunga ndi sanza. Nsapato anavula, malaya anamasula, thukuta likulowa m'maso. Pofika pakati pa mtsetse mabuleki ananunkha ngati nsalu yopserera, tinaima n'kumadikira kuti azizire, popanda ndi mthunzi womwe. Titayambanso ulendo wanjinga wina anatulukira mumsewu osayang'ana. Munthu wofatsa uja, amene anzake ankamutcha Abusa, ndinamumva akutukwana mawu amene sindingalembe pano. Ndinawayang'ana. Titafika anati, "Amake Esinati, zimene mwamva m'lolemu zisakafike kutchalitchi. Si ine, ndi dzuwa." Tinaseka, koma sankanama. Kukatentha madalaivala ankapsa mtima ndi tinthu tating'ono. Ankapitirirana pokhota, ankalimbana ndi maminibasi, ankathamanga kuti mphepo ilowe pazenera. Matayala otha aja ankaphulika ndi kutentha kwa tala, ndipo atsopano sankabwera. Choopsa kuposa zonse chinali tulo ta masana, munthu atangodya kumene.

Mnzawo wina, a Gwaza, anagona pachiwongolero dzuwa likuswa mtengo. Lole inachoka mumsewu, inapha ng'ombe ziwiri zokoka ngolo n'kukaima m'munda wa chinangwa. Mwini ngolo anapulumuka chifukwa analumpha. A Gwaza anafika padepoti, anakhala pansi pafupi ndi mbaula yanga. Anati, "Nambewe, ndinangophethira kamodzi. Kamodzi kokha." A Msiska anawachotsa ntchito tsiku lomwelo. M'mawa mwake bambo anu analowa muofesi, ine ndinali kusesa pakhomo ndiye ndinamva zonse. Anati, "Bwana, dzuwali litimaliza. Bwanji ulendo wachiwiri uzinyamuka likapendeka?" A Msiska anayankha kuti, "A Fanuwelo, mvula siidikira dalaivala. Ngati mwatopa nenani, pageti pali anthu ambiri ali ndi ziphaso m'matumba." Bambo anu anatuluka n'kukaliza lole. Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kunyika mathaulo akale m'ndowa, dalaivala aliyense atenge limodzi lodzikoleka m'khosi. Zigubu zawo za madzi ndinkazikulunga ndi chiguduli chonyowa kuti madzi asafunde msanga. Zimene ndikanatha zinali zomwezo.

Mwezi womwewo zenera la lole ya bambo anu linawonongeka, la mbali ya wokwera. Chopukusira galasi chinathyoka galasi lili lotseka, ndiye masiku awiri anayenda ngati buledi mu uvuni. Tsiku lachitatu anatenga sipanala n'kulikankhira pansi mwamphamvu. Linatsika ngati chikhatho chimodzi n'kukakamira pomwepo, osatsikanso, osakweranso. Analemba kalata yopempha chitsulo china. A Msiska anati zipangizo kulibe. Anadzalembanso kwa bwana wotsatira, yankho linali lomwelo. Zaka zisanu ndi zitatu zenera limenelo linakhala choncho, dzuwa ndi chisanu chomwe, ndipo anzawo ankaseka kuti lole ya Abusa imayenda itayasama ngati ikuimba kwaya.

Malomo, mwezi wa Juni, chaka cha khumi ndi chinayi

Ku Malomo tinapita mokondwa chifukwa kunali kufupi ndi kwawo kwa bambo anu. Pasanapite nthawi anasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo. Tsiku lowadalitsa anabwereka jekete kwa mphunzitsi wina, manja ake anali aafupi, koma anayenda nalo tsiku lonse osafuna kulivula. Iwe Esinati unali mu Sitandade 6, Yohane mu Sitandade 2. Bwana wathu kumeneko anali a Chipeta, munthu wosavuta, koma wa mantha ndi akuluakulu a kulikulu.

Chaka chimenecho chisanu chinali choopsa. Masamba a nthochi ndi a mbatata m'madimba anapsa ngati wina wathirapo madzi owira. Chifunga chinkakhala m'mapiri mpaka cha m'ma naini koloko. Bambo anu anali ndi chifuwa sabata yachiwiri, akutsokomola mpaka kugwira khoma. Ndinawauza kuti apemphe tchuthi. Anati, "Mabelo a anthu akuchita nkhungu m'shedi. Mlimi wadikira chaka chonse, ine ndimulepheretse chifukwa cha chifuwa?" Ndinati, "Mlimi ali ndi mkazi wake womudandaula, inenso ndili ndi wanga mwamuna." Anangoseka n'kuvala juzi yachiwiri.

Linali Lachiwiri. Ndinaphika tiyi, ndinakonza zitini monga mwa masiku onse. Nditakwera m'lole kukaika cha bambo anu, ndinamva mphepo ikulowa pampata wa zenera lija, yakuthwa ngati lezala, ikuwomba molunjika pamene pamakhala chifuwa cha dalaivala. Zaka zonsezo ndinkauona mpata umenewo osauganizira. Tsiku limenelo ndinauganizira. Ndinapita kushedi, ndinatenga thumba la feteleza lopanda kanthu, ndinalipinda kanayi, n'kulitsendera pampatapo ndi mpeni wa buledi mpaka mphepo inaleka. Ndinaonanso mabowo awiri pansi, kumapazi, ndinawatseka ndi makatoni. Kenako ndinabwerera kumbaula, ndinasankha makala awiri akuluakulu n'kuwonjezera m'chitini.

Bambo anu atakwera anayang'anayang'ana, kenako anaseka mpaka kutsokomola. Anati, "Amake Esinati, mwandimangira nyumba. Lero ndiyenda ngati nduna." Ndinati, "Mukafika kutauni mugule mankhwala a chifuwa, musaiwale." Anati, "Ndamva. Yohane mumuuze asakwerenso mtengo wa mapeyala uja, nthambi yake yawola." Anatseka chitseko. Mawu omaliza amene ndinawamva kwa iwo ndi amenewo.

Pamwamba pa mabelo panakwera mlimi wina wachikulire, a Mkanda, amene alimi anzawo anawatuma kuti aperekeze fodya. Bambo anu anali atawaitana kuti akhale nawo kutsogolo, koma anakana. Anati chaka chatha mabelo awiri anasowa panjira, ndiye akhala pamene akuwaona ndi maso. Anadzifunditsa tenti, lole inatuluka pageti n'kulowa m'chifunga.

Uthenga unafika cha m'ma teni koloko, ine ndikutsuka makapu. Lole inagwera kuphompho pamalo ena okhota, isanafike n'komwe paboma. A Mkanda anaponyedwa kutali pamodzi ndi mabelo, anathyoka mkono ndi nthiti. Bambo anu anamwalira pomwepo.

Lachiwiri lomwelo ndi Lachitatu lake

Ndisanafike kuchipatala, nkhani inali itafika kale kumsika. A Mkanda ali pabedi anauza apolisi zimene anaona, ndipo sananame. Anati atayenda ndithu lole inayamba kupita uku ndi uku, kenako inaima. Dalaivala anatsika akudzandira, anasanza m'mbali mwa msewu, akuyankhula lilime lolemera. Atamufunsa anati mutu ukumupweteka. Ataima pang'ono pamphepo anati ali bwino, anakweranso n'kutseka chitseko. A Mkanda anamaliza ndi mawu akuti, "Ine oledzera ndakhala nawo moyo wanga wonse. Ameneyu anali atalawa kachasu kuti athane ndi chisanu."

Kumochale, dokotala amene anaona thupi anandiitanira pambali. Anali bambo waimvi, woyankhula motsitsa. Anandifunsa kuti, "Mayi, amuna anu anagona m'nyumba yotseka muli mbaula?" Ndinati ayi, tinagona nyumba imodzi ndipo ine ndili bwino. Anati, "N'zodabwitsa. Fungo la mowa sindinalimve. Koma milomo yawo yafiira mwa mtundu umene ndimauona pa anthu ogona ndi makala chitsekere. Makala amatulutsa mpweya wosaoneka, wosanunkha. Pakakhala polowera mphepo umatuluka. Pakatsekedwa, munthu amamva mutu, amasanza, amadzandira ngati woledzera, kenako amagona." Anandifunsa ngati pali chimene ndikufuna kunena. Ndinati palibe. Pachikalata analemba kuti ngozi ya pamsewu.

Maliro tinapita nawo kwawo kwa bambo anu. Lachitatu m'mawa akuluakulu a mpingo anakhala paokha kuseri kwa siwa. Lamulo la mpingo wathu mukulidziwa. Munthu wofa ali chiledzerere, makamaka mkulu wa mpingo, saimbiridwa nyimbo. Abusa sabwera, amayi savala zoyera, bokosi limangonyamulidwa chete ngati katundu. Apongozi anga, agogo anu, anakhala pafupi ndi bokosi osalira, akungobwereza kuti, "Mwana wanga ngakhale thobwa likasasa ankakana." Madalaivala anzawo awiri analipo. Za zitini ankadziwa, poti nawonso ndinkawakonzera, koma za thumba lija sankadziwa. Mmodzi anafika pakhomo la siwa ngati akudzapepesa, anagwada n'kundinong'oneza kuti, "Alamu, za moto zija musatchule. Bwana akamva, tonse tapita, inu nomwe. Anawa muwadyetsa chiyani? Wapita wapita."

Ndinakhala m'siwamo ndikusinkhasinkha. Ndikakhala chete ntchito ndisunga, ndipo akuchimuna andimvera chisoni ngati wamasiye amene mwamuna wake wamuchititsa manyazi. Koma inu mukula anthu akukulozani kuti si awo ana a mkulu wa mpingo wofa ndi kachasu. Ndikayankhula, dzina lawo liyera, langa lida. Sindikunamizani kuti ndinasankha msanga. Ndinatseka pakamwa kuyambira Lachiwiri masana mpaka Lachitatu dzuwa litakwera. Adzukulu anatumiza uthenga kuti kumanda amaliza kukumba. Ndinamva a Chisale, mlembi wa mpingo, akuuza amayi panja kuti avule maduku oyera aike m'zikwama. Pakhomo panali potsegula, ndiye ndinaona mayi wina wokalamba, amene bambo anu ankamuwerengera Baibulo chifukwa maso ake anali atafa, akumasula duku lake pang'onopang'ono, misozi ili chuchuchu. Pamenepo ndinadzuka.

Wamasiye satuluka m'siwa bokosi lisanatuluke. Amayi a m'siwamo anandigwira nsalu, ndinawakutumula. Ndinapita pamene panakhala akuluakulu n'kugwada. A Chisale anati, "Mayi, bwererani m'nyumba. Zokamba tikamba ndi eni mbumba." Ndinati, "Ndamva bambo, koma amene ndikudziwa nkhaniyi ndine." Ndinafotokoza zonse, chitini, thumba, makatoni, makala awiri aja, ndi mawu a dokotala. A Chipeta anali pomwepo pabenchi ya alendo. Anandifunsa kuti, "Nambewe, ukudziwa kuti ukudzichotsa wekha ntchito?" Ndinati ndikudziwa. A Chisale anati, "Mayi, musakhumudwe, koma mkazi aliyense angathe kupeka nkhani kuti mwamuna wake aimbiridwe. Umboni uli kuti?" Ndinati, "Lole ikadali kuphompho. Tumani munthu akaone zenera la kumanzere."

Anatuma mkulu wina wa mpingo panjinga yamoto, atakweza malume awo a bambo anu. Bokosi linadikira. Adzukulu anadikira kumanda akung'ung'udza. Ine ndinakhala pansi pomwepo, panalibe wondiuza kuti ndilowe kapena ndichoke. Patapita maola awiri njinga inabwera. Malume aja anatsika atanyamula thumba lopindidwa kanayi ndi chitini chophwanyika chimene anachipeza pansi pa mpando. Anaziika pamaso pa akuluakulu. Pamenepo ndi pamene azakhali anu anafuula kuti, "Ndiye wapha achimwene ndiwe! Wawafukiza ngati mbewa kuuna!" Anthu anawagwira. Koma azakhaliwo sanali kunama kwenikweni.

A Chisale anayang'ana chitinicho. Kenako anatembenukira kwa amayi n'kunena kuti, "Valani." Njinga yomweyo inapita kukatenga abusa. Bokosi linatuluka dzuwa litapendeka, kwaya patsogolo, amayi ali mbuu mbali zonse ziwiri za njira, nyimbo kuchokera pakhomo mpaka kumanda. Agogo anu anayamba kulira nyimbo yoyamba itangoyamba, ndipo sanatonthole mpaka tinabwerako. Ine ndinayenda kumbuyo. Wa kuchimuna panalibe ndi mmodzi yemwe wondigwira mkono.

Zaka zotsala, kushedi ya paboma

A Chipeta sanandichotse. Anandiimitsa mwezi umodzi, kenako anandisamutsira kushedi ya paboma la Ntchisi kukasoka matumba obooka, kutali ndi ketulo ndi malole. Kumeneko ndi kumene ndinakhala mpaka kupuma. A Chipetawo analamulanso kuti mlonda azisecha lole iliyonse isanatuluke pageti, ndipo analonjeza madalaivala majekete ofunda, amene sanabwere. Madalaivala anasiya kundipatsa moni. Mmodzi anandipeza pamsika n'kunena kuti, "Mayi, chisanu chonse cha chaka chino chili pamutu panu." Nditamva kuti ena akumagula makala kunja kwa geti, ndinapita kukawadikira pamsewu. Ndinawauza kuti ngati sangasiye, asamatseke mazenera. Ena anamva, ena anaseka.

A Mkanda atatuluka m'chipatala anabwera kunyumba, mkono uli m'chikhakha, atanyamula nkhuku. Anakhala pakhonde. Anati, "Mayi, ine ndinanena zimene ndinaona, koma ndinaona molakwa. Munthu uja atatsika akudzandira ndinamunyoza mumtima. Ndikanamuuza kuti akhale pansi apume." Ndinawauza kuti mlandu si wawo. Nkhukuyo munadya ndinu, mwina mukukumbukira.

Azakhali anu sanandiyankhulenso mpaka anamwalira. Agogo anu anandiyankhula kamodzi kokha, tsiku lometa, anthu atayamba kubalalika. Anandiitanira kuseri kwa nkhokwe n'kunena kuti, "Nambewe, ukanakhala chete ndikanakukonda mpaka kufa. Koma ndikanafa nditamukwiyira mwana wanga." Mpaka lero sindidziwa ngati kumeneko kunali kuthokoza.

Sindikupemphani kuti mundikhululukire, poti ine mwini ndinalephera kudzikhululukira. Chimene ndikupempha n'chakuti ana anu akadzafunsa za agogo awo aamuna, mudzawauze monga zinalili. Bambo anu sanamwe. Anali ndi chifuwa, kunja kunkazizira, ndipo mkazi wawo anawatsekera zenera.